A Kwenda ndi Nkhuku ya ku Mlolo

A Bonifasi Kwenda ndi dalaivala wa bungwe lathu la alimi la Tikolole, pano pa boma la Chadiza. Ayendetsa galimoto ya bungweli zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo m'zaka zimenezo anyamula mamanijala anayi. Ine ndine Lonia Nkhoma, ndimayang'anira amayi osankha nshawa ku shedi. Ntchitoyi ndinaipeza amuna anga, a Gabriel, atamwalira. Sindine munthu wa mawu ambiri, ngakhale ku Chigwirizano amadziwa kuti pemphero langa silichedwa kufika pa ameni. Koma zimene ndinaona chaka chatha zakhala zikundikankha mumtima, ndiye ndati ndizilembe a Kwenda akadali moyo, pakuti ife timakonda kuyamika munthu ali kale m'bokosi.

A Kwenda anabadwira ku Zemba, m'banja losunga gule. Sukulu anasiyira giredi yachisanu, nayamba kuweta ng'ombe za amalume awo. Atakula pang'ono anatchuka ndi kuphunzitsa ng'ombe goli. Akuluakulu a kumeneko amati ng'ombe yophunzitsidwa ndi a Bonifasi inkadziwika chifukwa pamsana pake panalibe zipsera. Kenaka anapita ku Chipata kukakweza thonje m'malole, ndipo dalaivala wina wachifundo anawaphunzitsa chiwongolero. Akanatha kupitirira mpaka ku Lusaka monga anzawo, koma amayi awo anachita khungu, iwo nkubwerera. Anakwatira a Maggie, ali ndi ana asanu. Mpingo analowa ali ndi zaka makumi anayi, ndipo mpaka lero amakhala pabenchi ya pafupi ndi chitseko. Atafuna kuwasankha udikoni anakana, amvekere kuwerenga kwawo n'kwa kayendedwe ka kamba. Ndi munthu wamfupi, malaya amamanga mabatani mpaka pakhosi, ndipo kumbuyo kwa galimoto yawo sikusowa chitete ndi luzi.

Manijala watsopano akabwera, a Kwenda amamupempha kuti mwezi woyamba azikhala kutsogolo. Ife timautcha mwezi wa sukulu. Galimoto ikamadutsa mudzi, iwo amanena motsitsa: nyumba iyo muli mlimi wabwino koma sakonda kutamidwa pagulu; apo mwana anamira chaka chatha, musafunse za dimba la kumtsinje; bambo wovala chipewayo adzalankhula kwambiri pamsonkhano, koma anthu amamvera mlongo wake amene adzakhale chete. Galimoto saifikitsa pabwalo. Amaimika patali kuti fumbi lisalowe m'makomo mwa anthu, bwana nkufika wapansi ngati mlendo wina aliyense. Sindinamvepo akudzudzula bwana pamaso pa munthu. Manijala woyamba amene anamunyamula ndi mkulu wa kampani ina ku Lusaka tsopano, koma ndinamvapo ndi makutu anga akuimba foni kufunsa a Kwenda chochita ndi wachiwiri wake wamakani.

Mu February chaka chatha kunabwera Mayi Nancy Chulu, mkazi woyamba kukhala manijala wathu. Makolo awo ndi akuno kummawa koma iwo anakulira ku Lusaka. Ndi munthu wophunzira, ndipo anachitanso maphunziro apadera a utsogoleri, aja amachitikira m'mahotela. A bodi anawasankha chifukwa panali manong'onong'o akuti ena oyeza mbewu ankakondera, nshawa zachabe nkumalowa giredi yoyamba. Madamu analonjeza kuti zimenezo zitha. Tsiku lachiwiri anamata pepala pachitseko cha ofesi lonena kuti wantchito aliyense wa bungwe asalandire mphatso kwa mlimi.

Ndisawanamizire, anagwira ntchito. Denga la shedi limene linkadontha zaka zinayi analikonzetsa m'masabata atatu. Ife osankha anatigulira zotchinga pamphuno. Koposa zonse, anapeza kampani yolonjeza kugula nshawa zathu zonse, malole ake kudzafika kumapeto kwa July. Koma sukulu ya a Kwenda sanalowe. Ulendo woyamba anatsegula chitseko chakumbuyo, nkuika laputopu pamiyendo.

“AKwenda, ine pamsewu ndimagwira ntchito. Tizicheza tikafika.”

“Chabwino, madamu,” anatero a Kwenda.

Mu May tinapita ku Mlolo kukafotokoza kasankhidwe katsopano ka nshawa. Kumeneko kuli makalabu asanu ndi anayi, ndipo pafupifupi theka la nshawa za bungwe limachokera kumeneko. Wapampando wa makalabu onsewo ndi a Tinenenji Mwanza, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, mlimi woopsa, wapakamwa pakuthwa, amenenso ndi msuweni wa a Kwenda. Msonkhano unayenda bwino. Madamu anafotokoza momveka, ine ndinaonetsa nshawa zachuku ndi zabwino m'malichero awiri, anthu nkuwomba m'manja.

Pomaliza amayi anayamba nyimbo. Kale lonse mphatso ya mlendo ankaipereka kugalimoto, dalaivala ali pomwepo. Koma tsiku limenelo a Tinenenji anafuna kulemekeza mkazi mnzawo amene wakhala pampando wa amuna. Anatuluka pagulu atanyamula nkhuku yathadzi yomanga miyendo, nayenda movina mpaka pamaso pa madamu. Maondo awo ndi ovuta, tonse timadziwa, koma anagwada pansi nkutambasula manja onse awiri. Ndinaona a Kwenda akunyamuka kumene anakhala, koma panali patali.

Madamu anaimirira, manja ali kumbuyo. Analankhula mokweza kuti aliyense amve, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima ankafuna zabwino.

“Zikomo amayi, koma sindingalandire. Malamulo a bungwe salola. Mphatso zoterezi ndi zimene zakhala zikuwononga sikelo yathu. Bwererani nayo.”

Nyimbo inaduka pakati. A Tinenenji anakhalabe chogwada, manja ali m'mwamba, mpaka nkhuku inayamba kuphupha. Kenaka anaiika pansi, namasula luzi pang'onopang'ono.

“Pita,” anauza nkhukuyo. “Akuti ndiwe chiphuphu.”

Nkhuku inathamanga pakati pa miyendo ya anthu, koma palibe anaseka. Amayi awiri anadzutsa a Tinenenji. Anthu anatiperekeza mwaulemu mpaka kugalimoto, natifunira ulendo wabwino.

Tili m'njira madamu anandifunsa, “Zayenda bwino, eti amayi Nkhoma?”

Ine ndinati, “Inde, madamu.” Bodza limenelo ndinalipepesa kwa Mulungu masabata ambiri.

Mu June tinatumiza matumba opanda kanthu kumakalabu onse. A ku Zemba ndi kwina anayamba kubweretsa mbewu. A ku Mlolo anati nshawa sizinaume. Sabata yotsatira anati ng'ombe zokoka ngolo zikudwala. Madamu analemba kalata, yankho linabwera laulemu lopanda tsiku. Anaitanitsa msonkhano, kunabwera anthu atatu, nawonso anavomera chilichonse. July atayamba tinamva kuti mavenda apachika kale masikelo awo m'mitengo ya ku Mlolo. Pamenepo a bodi anaitana madamu nkuwauza mosabisa: nshawa za ku Mlolo zikapanda kulowa mwezi usanathe, malole a kampani adzabwerera osadzaza, pangano lidzafa, ndipo ntchito yawo idzathera pomwepo.

Masiku amenewo madamu anaonda. Ankafika m'mamawa ife tisanatsegule shedi, nkumangoyang'ana mbali imene timaunjika matumba a ku Mlolo, pali simenti yokhayokha. Tonse tinkadziwa chifukwa chake. Palibe anawauza. Kwathu kuno munthu wamkulu suumuuza kuti walakwa asanakufunse, ndipo iwo ankafunsa za ngolo ndi za mavenda basi.

Lachiwiri lina m'mawa a Kwenda ankatsuka galimoto pafupi ndi pamene ndinkayala mphasa. Madamu anabwera nkuima pambali pawo.

“AKwenda, inu mwakhalitsa pano. Ndawalakwira chiyani anthu aja?”

A Kwenda anafinya kansalu, nakayanika pagalasi. “Funso limenelo ndakhala ndikulidikira, madamu. Lowani, tikambe tikuyenda. ANankhoma, tiyeni nanunso.”

Tinatenga msewu wa ku Mlolo. Tinayenda kamtunda a Kwenda asanayambe.

“Woyamba kulakwa ndine,” anatero. “Mamanijala anzanu atatu aja ndinawauza za nkhuku asanakumane nayo. Inu munati muli pantchito, ine nkukhala chete. Ndikanaumirira.”

“Nkhuku? Zonsezi n'chifukwa cha nkhuku imodzi?”

“Nkhuku ayi, madamu. Mayi wamkulu anagwada, anthu ake onse akuona, inu nkumutcha wachiphuphu. Munatcha choncho makalabu onse asanu ndi anayi.”

“Ndiye ndikanalandira? Ine amene ndinamata pepala lija?”

“Anzanu ankalandira ndi manja awiri. Koma palibe anadyapo ngakhale chiwindi.”

Ndipo anafotokoza. Mphatso ikaperekedwa, iwo ankaiika m'chitete muja. Pobwerera ankapatuka pamudzi wina, panyumba imene muli matenda, kapena pamene maliro angochitika kumene, kapena pamene mayi wabereka mapasa, nkuisiya pamenepo m'dzina la amene anapereka. Nkhuku ya ku Mlolo inkagona ku Zemba, maungu a ku Zemba nkukadyedwa kwina. Manijala woyamba ndi amene anagwirizana naye zimenezi, enawo anazipeza zikuyenda.

“Imitsani galimoto,” anatero madamu.

A Kwenda anapatukira pambali nkuzimitsa injini.

“Mukundiuza kuti zaka makumi awiri mwakhala mukunyamula katundu wa alimi m'dzina la mamanijala, popanda wina wodziwa? Mukudziwa kuti anthu amachotsedwa ntchito pa zimenezi?”

“Ndikudziwa, madamu.”

“Ndingadziwe bwanji kuti sizinathere kunyumba kwanu? Mboni ndani?”

A Kwenda anangogwira chiwongolero nkumayang'ana kutsogolo. Ine kumbuyo ndinali nditakumbukira, pamene ankafotokoza, chinthu chimene ndinakhala nacho zaka khumi osachimvetsa. Pakamwa panga panatseguka ndisanaganize.

“Mboni ndine, madamu.”

Anatembenuka. Ndikhulupirira anali ataiwala kuti ndilimo.

Ndinawauza kuti amuna anga atamwalira, patapita masabata atatu, abale onse atabalalika ndipo nyumba itayamba kundiopsa, a Kwenda anaimika galimoto kumsewu nkubwera wapansi ndi nkhuku yakuda m'manja. Anati, amayi a kalabu ya ku Zemba akuti pepani. Ine ku Zemba sindinkadziwa munthu. Nthawi imeneyo sindinali wa bungwe, a Kwenda ndinkangowaona kutchalitchi. Ndinaganiza kuti mwina amuna anga anawachitirapo chabwino amayiwo osandiuza, ndipo maganizo amenewo ananditonthoza kuposa nkhukuyo. Sindinaiphe. Inaswa anapiye asanu ndi awiri, ndipo nkhuku zonse zimene zili pakhomo panga lero ndi zidzukulu zake. Chaka chilichonse ndakhala ndikupempherera amayi a ku Zemba amene sindinawaonepo.

Nditamaliza ndinayang'ana kumbuyo kwa mutu wa a Kwenda, imvi zili mbuu pansi pa kapusi, ndipo ndinachita mantha aja amene amandigwira pa Mgonero. Munthuyu ndakhala naye benchi imodzi ya tchalitchi, ndakwera galimoto yake kosawerengeka. Nyumba zingati zimene anaimapo choncho? Amasiye angati amene mpaka lero akudalitsa mudzi umene sanapondemo?

Madamu anafunsa motsitsa, “Alimiwo amadziwa?”

“Sindinawauze, kuopa kuwachititsa manyazi. Koma mverani, madamu. Lamulo lanu si loipa. Alipo ofuna kugula sikelo, ndimawadziwa ndi mayina. Koma wotereyo sabwera masana ndi nyimbo. Amabwera yekha kuseri kwa shedi. Ameneyo mukanizeni, ine ndidzakuthandizani kumuthamangitsa.”

“Ndiye ndilembe kalata yopepesa?”

“Kalata ilibe maondo, madamu.”

“Nanga ndikanene chiyani?”

“Zimenezo sindingakuuzeni. Ine ntchito yanga n'kufikitsa munthu. Mawu akakhala anga, a Tinenenji adzawanunkhiza. Tinakulira limodzi.”

Madamu anayang'ana minda yokololedwa. Kenaka anati, “Tiyeni.”

Galimoto tinaisiya pakamtsinje kouma, mudzi uli patali ndithu. Ndinamasula chitenje changa chapamwamba nkuwapatsa madamu, pakuti anali atavala thalauzi. Tinayenda wapansi, dzuwa lili pamutu koma kamphepo ka July kakuwomba. Panjira tinadutsa venda atapachika sikelo pamtengo wa mango, matumba angapo ali kale pambali pake. Madamu anayang'ana kamodzi nkupitiriza.

Kwa a Tinenenji tinapeza amayi ngati khumi atakhala pamphasa akuswa nshawa. Pakhonde panali matumba odzaza mpaka kudenga. Tinaodira. A Tinenenji sanadzuke, anangokweza maso.

“Msuweni, galimoto ija mwagulitsa? Kapena akulandani chifukwa cha ukalamba?”

“Yakana kufika,” anatero a Kwenda. “Yati pakhomo pano pali pakamwa poboola matayala.”

“Ikanabwera ndiiboole. Mwaonda bwanji, a Maggie asiya kukuphikirani? Ndinakuuzani kalekale kuti mukwatire ine.”

“Ndikanafa chaka choyamba.”

Amayi anaseka pang'ono, koma maso onse anali pa madamu. A Tinenenji anawatembenukira.

“Takulandirani, abwana. Mutikhululukire, mpando sitikupatsani. Sitikudziwa ngati malamulo alola.”

Madamu anavula nsapato nakhala pamphasa, pakati pa amayi awiri. A Kwenda anakakhala patsinde la mtengo chapatali, kapusi ili pabondo. Malonje atatha palibe anafunsa chimene tadzera. Amayi anapitiriza ntchito yawo. Patapita kanthawi madamu anatapa nshawa m'dengu nkuyamba kuswa. Sankadziwa. Ankafinya pakati m'malo mwa kumlomo, nshawa zina nkusweka, zina nkudumphira kutali. Mayi wa pambali pawo anapirira kanthawi, kenaka anawagwira chala nkuwaonetsa. Ine ndinkapemphera chamumtima, manja akugwira ntchito. Ndinayang'ana kwa a Kwenda kuti mwina apereka chizindikiro, koma iwo ankangoyang'ana nyerere pansi. Tinakhala choncho mwina ola lathunthu. Chala chachikulu cha madamu chinatuluka thuza.

Kenaka anasuntha, nagwada pamaso pa a Tinenenji. Chichewa chawo ndi cha m'tauni, chosakaniza, koma tsiku limenelo palibe anachiseka.

“Amayi, ndabwera kudzapepesa. Munandigwadira, inu msinkhu wa amayi anga, ine nkukusiyani pansi. Munandipatsa ulemu, ine nkuutcha dzina loipa pamaso pa anthu anu. Ndinalakwa. Nshawa zanu mukhoza kugulitsa kumene mufuna, ndi zanu. Koma kupepesaku landirani.”

A Tinenenji anapitiriza kuswa. “Akuuzani ndi msuweni wangayu kuti munene choncho?”

“Ndinawapempha, anakana.”

“Chanzeru chimodzi chimene wachita chaka chino. Pitirizani.”

“Chinanso ndisakunamizeni. Nkhuku yanu, ngakhale lero, sindingadye. Dzanja limene likugwira sikelo ya anthu onse lisamadye za munthu mmodzi. Koma kukana sindidzakananso. Ndidzalandira ndi manja awiri, ndipo inu amene mwapereka mudzanena pamaso pa onse nyumba imene muli matenda kapena chisoni, ife tikatule kumeneko m'dzina lanu.”

A Tinenenji anasiya nshawa. Anayang'ana madamu, nayang'ana a Kwenda, kenaka anaphulika kuseka mpaka kutsokomola.

“Amayi inu, tamvani! Akutiuza zachilendo! Mwana wanga, ukuyesa ndife ana? Ukuyesa sitidziwa kuti mabwana a Tikolole sadya nkhuku zathu? Ine nkhuku yanga yamawanga, ya chala chopindika, ndinapatsa bwana wachiwiri uja wamimba. Patapita mwezi ndinaipeza ku Zemba, kwa alamu anga odwala sitiroko, ikuikira mazira m'khitchini. Anandithokoza mpaka misozi, ine nkungoti zikomo, kupatsa n'kuika.”

A Kwenda anadzuka patsinde paja, pakamwa pali yasa. 

“Ndiye munkadziwa?”

“Mudzi wonse, chitsiru iwe! N'chifukwa chake timasankha yathadzi yoikira. Bwana wa pa boma angatani nayo nkhuku yoikira? Tinkangokusiya uziyenda monyang'ama ndi chitete chako ngati wakuba.”

Amayi onse anagwa nacho chiseko, wina mpaka kugubuduza dengu. A Kwenda anakhalanso pansi nkuphimba nkhope ndi kapusi, mapewa akugwedezeka. Ine ndinaseka nawo, koma misozi inali ikutsika, chifukwa ndinazindikira kuti amayi aja a ku Zemba anasankhadi nkhuku yakuda ija akudziwa kuti ikupita kwa munthu wosweka mtima, ngakhale dzina langa sankalidziwa. Mapemphero anga sanasochere.

A Tinenenji anapukuta m'maso. “Dzuka, mwana wanga, maondo amenewo udzawafuna ukadzakalamba. Zoti tizinena poyera nyumba yake, zimenezo ndazikonda. Msuweni wangayu nthawi zina amapatsa anthu amene ine sindilankhula nawo.” Anaitanitsa thobwa, napereka chikho kwa madamu. “Ichinso malamulo akaniza?”

Madamu analandira ndi manja awiri, namwa mpaka pansi.

“Tsono za nshawa,” anatero a Tinenenji, nkhope itasintha. “Makalabu si anga, ine ndine wapampando chabe. Awiri agulitsa kale kwa mavenda, amenewo aiwaleni. Enawo anapwetekedwa pamodzi ndi ine, ndipo sindingawapepesere m'malo mwanu. Ndiwauza zimene ndaona. Akakana, akana.”

Pobwerera madamu anafunsa a Kwenda ngati kuli bwino kungodikira. Iwo anawabwezera funso: inu mukuona bwanji? Madamu anati akuona kuti ayenera kufika pakalabu iliyonse. Ndipo anatero. Masiku anayi otsatira anayenda makalabu asanu ndi awiri, wapansi kuchokera pamene galimoto yaima, kubwereza mawu omwewo kwa anthu amene ena sanawayankhe n'komwe. Ine sindinapite nawo, shedi inkandifuna. A Kwenda akabwerako, ndikawafunsa ankangoti, “Akuphunzira msanga kuposa amuna atatu aja.”

Sabata yomaliza ya July inayamba kopanda uthenga. Lolemba kunali zii, Lachiwiri chimodzimodzi. Kampani inaimba foni kuti malole anyamuka Lachisanu. Lachitatu wapampando wa bodi anabwera, nayang'ana simenti ija, nkuchoka osalowa mu ofesi. Madamu anayamba kulongedza mabuku awo m'katoni.

Lachinayi dzuwa litakwera pang'ono tinamva belu la njinga pageti. Anali a Tinenenji, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Sanatsike n'komwe, anangoponda pansi ndi mwendo umodzi.

“Abwana ali kuti? Auzeni kuti matumba anatumiza aja anachepa. Atumize ena, ndi lole, osati kagalimoto ka msuweni wangaka. Makalabu asanu ndi awiri akudikira pabwalo.”

Amayi a m'shedi anayamba nthungululu. Madamu anatuluka, nathamangira kugeti. Lole tinabwereka, ndipo a Kwenda anaiyendetsa okha maulendo anayi tsiku limenelo ndi atatu m'mawa mwake.

Madamu anaima pasikelo iwo eni, ine pambali pawo ndi lichero. Matumba a a Tinenenji atafika ndinatapa monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinapeza kuti atatu anali ndi chuku. Ndinaonetsa madamu. Mwini wake anali chiimire pomwepo, manja m'chiuno, alimi a ku Mlolo atazungulira.

“Amayi,” anatero madamu, “atatuwa ndi giredi yachiwiri.”

“Achiwiri? Anga?” A Tinenenji anatapa okha, naswa imodzi ndi mano, nalavula. Anayang'ana anthu awo. “Mvula ija ya mu April inandipeza ndisanazule. Lembani yachiwiri. Ndipo wina aliyense amene ali ndi zotere asayambe kulira pano, mwaona nokha kuti sikelo iyi ilibe msuweni.”

Malole a kampani anadzaza Loweruka, mochedwa ndi tsiku limodzi. A bodi anakumana sabata yotsatira nagamula kuti Mayi Chulu apitirize, ndipo alipo mpaka lero. Makalabu awiri aja sanabwererebe, ndipo madamu amapitako mwezi uliwonse. Tsiku limene chigamulo chinatuluka anafunafuna a Kwenda kuti awathokoze pamaso pa antchito onse, koma sanawapeze. Anali atatsanzika kale kwa mlonda kuti akukatenga a Maggie kuchipatala, kumene anapita kukayezetsa magazi.